Mkonono wa wovulala mutu si tulo

Munthu akagwa pa njinga yamoto n'kumenyetsa mutu pamwala, kenako n'kuyamba kuliza mkonono, anthu omuzungulira mitima imakhala pansi. Pamapezeka wina wonena kuti, "Msiyeni ameneyu, wagona, mowa ukamuthera adzuka." Wina amathamangira madzi oti amuthire kumaso, wina ali kalikiliki kujambula pafoni. Pa zonse zimene zimaoneka pamalo a ngozi, mkonono umenewu ndi umene umandiopsa kuposa magazi. Magazi a pamutu amatuluka ambiri chifukwa khungu la pamenepo lili ndi mitsempha yochuluka, koma ukapsinja ndi nsalu yoyera amaleka. Mkonono ndiye ukutanthauza kuti munthuyo wakomoka kwambiri moti lilime lagwera kukhosi, likutseka njira ya mpweya. Ubongo umene wamenyedwa kumene wayamba kusowa mpweya, ndipo mphindi zowerengeka zokha n'zokwanira kuwononga zimene mwala uja unasiya.

Ndinagwira ntchito ya clinical officer zaka zambiri, kuyambira pa kiliniki ina ya pa esiteti ya tiyi mpaka m'zipatala zing'onozing'ono za boma, ndisanapume n'kubwerera kwathu kuno kwa Khwethemule. Opaleshoni ya ubongo sindinachitepo, si ntchito yanga. Gawo langa linali la pakati pa msewu ndi Blantyre. Gawo limenelo silikambidwa kawirikawiri, chonsecho ndi mmene ambiri amafera kapena kupulumukira.

Madokotala amati mutu umavulala kawiri. Koyamba ndi pamene wagunda pansi: chigaza chimang'aluka kapena ayi, ubongo umagwedezeka n'kudzimenyetsa kufupa, timitsempha tina timaduka. Zimenezo zikachitika zachitika, palibe dokotala padziko lapansi amene angazibweze. Kuvulala kwachiwiri kumabwera mwakachetechete m'maola ndi masiku otsatira, ndipo kumeneku ndi kumene chipatala chimalimbana nako. Mwendo ukatupa uli nako kotupira, ubongo ulibe. Tengani nyemba zouma, mudzaze m'botolo, muthiremo madzi n'kutseka kwambiri. Zikayamba kufufuma zimangopanikizana zokhazokha chifukwa galasi silifutukuka. Chigaza cha munthu wamkulu chilinso chimodzimodzi. Ubongo ukatupa, kapena magazi akaundana pambali pake, mkatimo mumathina mpaka magazi abwino ochokera kumtima amalephera kulowa. Zikapitirira, ubongo umakankhidwira pansi, kubowo limene umalumikizirana ndi msana, n'kufinya kachigawo kamene kamayendetsa kupuma. Munthu amangosiya kupuma. Ife a kuno nkhani imeneyi si yachilendo, chifukwa mu 2015 ofufuza a pa chipatala cha Queen Elizabeth, Karl Seydel, Terrie Taylor ndi anzawo, anaonetsa ndi makina a MRI kuti ana ambiri omwalira ndi malungo okhudza ubongo amafa mwa njira yomweyi, ubongo utatupa.

Kale odwala a mutu amene tinkalandira anali ogwa mumtengo, ogwa pa thirakitala, ndi omenyana ndi zibonga kumowa tsiku la malipiro. Amenewo alipobe, koma lero njinga zamoto zawaposa onse. Nthochi za ku Thyolo zitatha ndi matenda a chisaka, ndipo ntchito ya pa esiteti n'kukhala ya nyengo ya mvula yokha kwa ambiri, mnyamata amene wapeza kangachepe amagula Lifo n'kuyamba kabaza. Sindimuda, banja lidya chiyani? Koma misewu yathu ndi yotsetsereka, dothi lofiira limaterera kukagwa chiperoni, nkhungu imaphimba makona, ndipo njinga imodzi imanyamula bambo, mayi, mwana ndi thumba la chimanga. Chisoti chimapachikidwa pachiwongolero kudikira pamene pali apolisi. Lamulo limafuna kuti woyendetsa ndi wokwera onse avale, ndipo kafukufuku wa m'maiko ambiri akusonyeza kuti chisoti chabwino chimachepetsa imfa ndi pafupifupi 40 pa 100 aliwonse, kuvulala mutu ndi pafupifupi 70. Ndikati chabwino ndikunena chomanga lamba kukhosi. Chosamanga chimauluka mutu usanafike pansi, ndipo kachipewa ka pulasitiki ka omanga nyumba si chisoti cha njinga ayi.

Mwana wa mlongo wanga anagwa m'mawa wina akuchokera kokasiya munthu kumsika. Galu anadutsa, iye anakhota, mutu unamenya pamtsitsi wa bulugamu cha pamwamba pa khutu. Akuti anakomoka pang'ono chabe, kenako anadzuka, n'kudzutsa njinga yake, n'kumadandaula za galasi losweka. Anafika kunyumba yekha, anadya, anaseka nawo za galuyo. Chakumasana anayamba kudandaula mutu, anasanza, anasanzanso, n'kunena kuti akufuna agone kaye. Mayi ake anandiimbira dzuwa litapendeka.

"Achimwene, mwana wanu uja sakudzuka bwinobwino. Ndikamuitana angoyankha kuti mmm. Timadikira inu kuti mutiuze chochita."

"Musandidikire, chemwali. Pezani galimoto pompano, ine mundipeza panjira."

Mawu akuti timadikira amalume ndawamva m'makomo ambiri, ndipo pa nkhani zina ndi ulemu woyenera. Ukwati ungadikire mwinimbumba, mlandu wa munda ungadikire. Magazi otuluka m'mutu sadziwa mwambo. Pamwamba pa khutu fupa ndi lopyapyala, ndipo kunsi kwake kumadutsa mtsempha wa magazi ochokera kumtima. Fupa likang'aluka limaudula, magazi n'kumadzadza pang'onopang'ono pakati pa chigaza ndi chikopa chokuta ubongo. Poyamba ubongo umapirira, n'chifukwa chake munthu amayenda ndi kulankhula ngati palibe kanthu, koma malo akatha amagwa msangamsanga. Si umphawi wokha umene umapusitsika ndi zimenezi. Natasha Richardson, katswiri wa mafilimu wa ku Britain, anagwa akusewera pa chipale ku Canada mu 2009, anadzuka, anakana thandizo poyamba ponena kuti ali bwino, ndipo patapita masiku awiri anamwalira ndi vuto lomweli. Chowawa n'chakuti mwa kuvulala konse kwa mutu, uku ndi kumene kumachizika bwino kwambiri, chifukwa nthawi zambiri ubongo weniweniwo umakhala usanawonongeke. Magaziwo akachotsedwa nthawi yabwino munthu amabwerera mwakale.

Ndiye aliyense amene wamenyetsa mutu n'kukomokako, ngakhale kamphindi, aonedwe kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo usiku woyamba asagone yekha. Kusanza kobwerezabwereza, mutu wowawa moonjezereka, tulo tosadzutsika, kulankhula zosokonekera, mkono kapena mwendo kufooka, kugwa ngati wakhunyu, magazi kapena madzi oyera kutuluka m'khutu kapena m'mphuno, chilichonse mwa izi chikaoneka musayembekeze kuti kuche. Pa ululu mpatseni panado. Asipulini ndi bulufeni ayi, amatha kuchititsa kuti magazi asaundane msanga. Ndipo fungo la kachasu lisakunamizeni. Woledzera nayenso ali ndi ubongo, ndipo amene wamwa ndi amenenso amagwa moipa.

Titamukweza mnyamata uja mu pikapu ya munthu wina wa bizinesi, ntchito yanga inali imodzi yokha, kuona kuti akupuma. Apa ndi pamene munthu wamba, wosaphunzira za chipatala, angathe kupulumutsa moyo. Wokomoka amagonekedwa chammbali kuti lilime lisagwere kukhosi ndiponso masanzi atulukire kunja. Pomutembenuza, wina agwire mutu ndi manja awiri kuti mutu, khosi ndi msana zitembenukire pamodzi, chifukwa wovulala mutu kawirikawiri amakhalanso atavulala khosi. Musamumwetse kanthu, ngakhale madzi, popeza wokomoka sameza ndipo zonse zimapita kumapapo. Chimene ndimadana nacho kwambiri ndi kumukhazika pa njinga ina pakati pa anthu awiri, mutu uli lendelende, n'kumadumpha naye m'maenje. Ndikudziwa kuti nthawi zina palibe china chokwera. Koma ngati pali mwayi wa galimoto yoti agonemo, ngakhale ya nkhuni, ndi bwino kutaya mphindi zochepa kuifunafuna. Za kalata ya apolisi, wina atsale akalondole zimenezo, wodwala atsogole.

Mukafika kuchipatala mudzaona dokotala akuitana wodwala mokweza, kumuuza kuti afinye dzanja, kenako kumutsina pachikhadabo kapena paphewa. Achibale ena amakhumudwa poganiza kuti ndi nkhanza. Kumeneko n'kuyeza kuya kwa chikomokere ndi muyeso umene madokotala awiri a ku Glasgow, Graham Teasdale ndi Bryan Jennett, anakonza mu 1974. Amaona zinthu zitatu: ngati maso akutseguka, ngati munthu akulankhula, ndi mmene thupi likuyankhira. Wabwinobwino amapeza 15, wokomokeratu amapeza 3. Kuyambira 13 kukwera m'mwamba amati kuvulala n'kochepa, 9 mpaka 12 n'kwapakati, 8 kutsika pansi ndiye kwakukulu kumene tikukamba pano. Muyeso wina wofanana nawo, woyezera ana aang'ono osatha kulankhula, uli ndi dzina la Blantyre, chifukwa Malcolm Molyneux ndi Terrie Taylor anaukonzera pa Queens pomwepa cha m'ma 1989 posamalira ana a malungo, ndipo lero umagwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri. Nambala imodzi payokha sinena zambiri. Chofunika ndi kumene ikulowera. Wodwala amene anali pa 13 n'kutsika kufika pa 9 m'maola awiri ndi woopsa kuposa amene wakhala pa 9 chifikireni. N'chifukwa chake gadiyani amene anganene momveka kuti anagwa nthawi yakuti, anayenda yekha, anayamba kusanza nthawi yakuti, wathandiza dokotala kwambiri. Tochi imene amaunika m'maso ndi yoonera kamwana ka m'diso. Kamodzi kakakula n'kusiya kuchepa pounikidwa, ndiye kuti mbali imeneyo ubongo wapanikizika, ndipo nthawi yatsala yochepa.

Chipatala chaching'ono sichingatsegule chigaza, koma sikuti chilibe chochita. Zinthu ziwiri zimene zimapha ubongo wovulala ndi kuchepa kwa okosijeni ndi kutsika kwa BP. Kafukufuku wa ku America wa m'ma 1990 anapeza kuti BP ikangotsika pansi pa 90 kamodzi kokha, chiopsezo cha imfa chimawirikiza kawiri. Ndiye dripi, okosijeni, kuletsa magazi otuluka pena paliponse, kukweza kumutu kwa bedi pang'ono, kuletsa kugwa khunyu ndi kutsitsa kutentha kwa thupi, zonsezi si zongotayitsa nthawi podikira ambulansi, ndi mankhwala enieni. Pali zinanso zimene taphunzira mochedwa. Kwa zaka zambiri madokotala padziko lonse ankabaya odwala otere mankhwala a steroid poganiza kuti amachepetsa kutupa. Kafukufuku wotchedwa CRASH, wa odwala oposa 10,000, anaonetsa mu 2004 kuti obayidwawo ankafa ambiri kuposa osabayidwa, ndipo mchitidwewo unatha. Mu 2019 kafukufuku wotsatira, CRASH-3, anapeza kuti tranexamic acid, mankhwala otchipa omwe aja amaletsa kutaya magazi kwa amayi obereka, amachepetsa imfa kwa ovulala mutu pang'ono kapena mwapakati akaperekedwa maola atatu asanathe. Kwa okomokeratu phindu lake silinaoneke bwino. Maola atatu kwa munthu wa m'tauni ndi ambiri. Kwa ife amathera pofunafuna galimoto ndi ndalama ya mafuta.

Kuchokera pa Boma la Thyolo kudzera ku Bvumbwe ndi Limbe kukafika ku Queens ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 40, koma wa kwa Khwethemule amayamba wayenda ulendo wina kuti afike pa Bomapo kapena ku chipatala cha Malamulo. Tinalowa mu Blantyre usiku. Sikani inaonetsa chimene ndinkachiopa komanso kuchiyembekezera, magazi oundana pamwamba pa khutu lakumanja. Ndinasaina ine ngati malume, ndipo madokotala analowa naye ku fiyeta. Opaleshoni yake pofotokoza imamveka yosavuta: amadula kachigawo ka fupa, amachotsa magazi oundanawo, amatseka mtsempha wodukawo, n'kubwezeretsa fupa. Chovuta ndi kupeza munthu wodziwa kuichita, fiyeta yopanda wodwala wina, magazi oti amuwonjezere ndi bedi loti akagonepo pambuyo pake, zonsezi usiku umodzi. Kwa zaka zambiri madokotala a opaleshoni ya ubongo m'dziko muno ankawerengeka ndi zala za dzanja limodzi. Dzina limene ambiri amalidziwa ndi la Patrick Kamalo, amene anamanga ntchitoyi pa Queens mothandizana ndi chipatala cha Oslo ku Norway. Ku Lilongwe nakonso mu 2023 kunatsegulidwa chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION, pafupi ndi Kamuzu Central. Zinthu zasintha poyerekeza ndi pamene ndinkayamba ntchito, koma anthu oposa 20 miliyoni ndi ambiri, ndipo njinga zikuchuluka msanga kuposa madokotala.

Si onse ovulala mutu kwambiri amene amafuna mpeni. Ambiri alibe magazi oti n'kuchotsa, ubongo wonse wangosunthika ndi kutupa. Amenewa chimene amafuna ndi chipinda cha odwala mwakayakaya, makina opumira, ndi mankhwala monga mannitol kapena madzi a mchere wambiri okoka madzi kuchoka mu ubongo. Mabedi otere m'dziko muno ndi ochepa, ndipo amalimbiranidwa ndi amayi ovutika pobereka, opsa ndi moto ndi ena otuluka ku fiyeta. M'maiko olemera amaboola chigaza n'kulowetsa kachipangizo koyeza kupanikizika kwa mkati. Ndinkaganiza kuti popanda kachipangizoko palibe chimene tingachite, mpaka pamene zotsatira za kafukufuku wa ku Bolivia ndi Ecuador zinatuluka mu 2012. Odwala 324 anawagawa pawiri, ena ndi kachipangizo, ena kungowayeza pafupipafupi ndi maso, tochi ndi sikani, ndipo mapeto ake sanasiyane kwenikweni. Kwa ine zimenezi zikutanthauza kuti namwino watcheru, wokhala ndi odwala ochepa oti angathe kuwaona ola lililonse, ndi chida chachikulu kuposa mmene timamuonera.

Kutupa kukakana mankhwala, pali opaleshoni ina yochotseratu chigamba chachikulu cha chigaza kuti ubongo upeze kotupira, fupalo n'kudzabwezeretsedwa patapita miyezi. Kafukufuku wotsogoleredwa ndi madokotala a ku Cambridge anaonetsa mu 2016 kuti pakutha pa miyezi isanu ndi umodzi, mwa ochitidwa opaleshoniyi anamwalira 27 pa 100 aliwonse, pamene mwa osachitidwa anamwalira 49. Koma pakati pa opulumukawo panachulukanso ongogona osazindikira kanthu ndi olumala kwambiri. Dokotala akakuitanirani pambali kuti mukambirane zimenezi, musamufunse kokha kuti kodi akhala moyo. Mufunseninso kuti akakhala moyo adzatha kuchita chiyani, chifukwa amene adzamusambitse ndi kumudyetsa kumudzi ndinu.

Mwana wa mlongo wanga anatsegula maso patapita masiku ochepa, n'kumusamutsira ku wodi. Kumeneko ndi kumene ndinaona kuti theka la chithandizo lili m'manja mwa gadiyani. Wodwala wosatha kudzitembenuza amafunika kumutembenuza maola awiri alionse, usana ndi usiku, apo ayi amatuluka zilonda m'matako ndi m'zidendene zimene zimapha munthu amene opaleshoni inamupulumutsa. Phala limadutsa pa kapaipi ka m'mphuno, pang'onopang'ono, mutu utakwezedwa. Ndinaona mayi wina pa bedi loyandikana nafe akumwetsa mwamuna wake thobwa ndi supuni mobisa, chifukwa cha chisoni kuti kapaipi kokha sakhuta. Chisoni chotero chimathera m'chibayo, ndipo chibayo ndi chimene chimatenga ambiri pa sabata yachiwiri ndi yachitatu. Manja ndi miyendo ziyenera kupindidwa ndi kuwongoledwa tsiku lililonse kuti zisaume. Mlongo wanga, amene sanapite patali ndi sukulu, anaphunzira zonsezi kwa anamwino ndi kwa magadiyani anzake, ndipo anazichita bwino kuposa mmene ine ndikanachitira.

Funso limene aliyense amafunsa ndi lakuti, mwa anthu otere amapulumuka angati? Ngakhale ku Ulaya ndi America, mwa ovulala mutu kwambiri pafupifupi mmodzi mwa atatu amamwalira. Kuno, kafukufuku wa pa Kamuzu Central wofalitsidwa mu 2017 anapeza kuti mwa onse ogonekedwa chifukwa cha kuvulala mutu, ophatikiza ovulala pang'ono ndi kwambiri, anamwalira pafupifupi atatu mwa khumi alionse, ndipo ambiri mwa otuluka amoyo anatuluka ali bwino ndithu. Chiwerengerochi tichiwerenge mosamala. Chikuwerenga okhawo amene anafika. Amene anatsirizikira mu pikapu pa Bvumbwe, kapena pamphasa kunyumba akuliza mkonono, salowa m'kaundula wa chipatala. Ndipo opulumuka athu amaoneka ochira bwino mwa zina chifukwa chakuti ovulala koopsa, amene kunja akanakhala moyo ali olumala, kuno amamwalira. Zimene zimaonetsa tsogolo la wodwala n'zodziwika: msinkhu wake, mmene thupi likuyankhira akatsinidwa, ngati timwana ta m'maso tikugwira ntchito, zimene sikani yaonetsa, ndiponso ngati panjira anasowa mpweya kapena BP inatsika. Mwa zonsezi, chomalizachi chokha ndi chimene anthu a kumudzi tingasinthe.

Komabe ndimachenjeza achibale kuti asagamule msanga. Kafukufuku wina wa ku America wotchedwa TRACK-TBI, wofalitsidwa mu 2021, anatsatira ovulala kwambiri kwa chaka chathunthu. Pa masabata awiri, ongopitirira pang'ono mmodzi mwa khumi ndi amene ankatha kudzisamalira pakhomo kwa maola angapo popanda wowayang'anira. Pakutha pa chaka anali atafika pafupifupi theka. N'zoona kuti amenewo anali ndi zipatala zimene ife tilibe, koma ubongo ndi womwewo. Umachira mofulumira m'miyezi isanu ndi umodzi yoyambirira, kenako pang'onopang'ono kwa chaka kapena ziwiri. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsiku limene mwana wa mlongo wanga anatuluka m'chipatala, kumudzi kunali nthungululu, anthu a kumpingo anabwera kudzayamika. Mavuto enieni anayamba alendo atabalalika. Mnyamata amene anali wofatsa anasanduka wa mtima wapachala. Mwana akalira pang'ono, iye wakalipa. Ukamutuma mchere ndi sopo, amabwera ndi sopo yekha n'kumakana kuti za mchere sunanene. Fungo la ndiwo sankalimva. Dzuwa likangokwera, watopa. Mkazi wake anabwera kwa ine akulira, amvekere, "Amalume, munthu amene mwandibweretserayu si yemwe uja." Sankanama. Mbali ya kutsogolo ya ubongo ndi imene imagwira munthu kuti asalankhule kapena kuchita chilichonse chimene chamubwerera, ndipo imavulala kawirikawiri pa ngozi za pamsewu. Chilonda cha pamutu chikapola, tsitsi n'kumera, anthu amaiwala kuti mkati simunapole. Amayamba kunena kuti wayamba mwano, kapena wapenga, kapena pali amene anamuchita chipongwe chifukwa cha njinga. Banja limatha ndalama kwa asing'anga, nthawi zina n'kuthanso ukwati.

Chimene chinatithandiza sichinali chodula. Tinamuikira ndondomeko yofanana tsiku lililonse, kumuuza chinthu chimodzi pa nthawi, kumulembera zogula pakapepala, kumusiya agone masana, ndiponso kusakangana naye akapsa mtima. Mowa tinamuletseratu, chifukwa ubongo wovulala sulimba nawo ndipo umaputa khunyu. Khunyu limatha kuyamba patapita miyezi kapena zaka munthu atavulala, makamaka ngati fupa linalowa mkati. Si lopatsirana, si ziwanda, ndipo mankhwala ake amapezeka m'zipatala za boma, kungoti amafuna kumwa osadumphitsa. Wotero asakwere mumtengo, asakhale yekha pamoto kapena kumtsinje, ndipo njinga aiiwale kaye. Amene afooka ziwalo amafuna mafizo. Ku Blantyre kuli malo a Kachere, pafupi ndi Queens, kumene amaphunzitsa anthu kuyendanso ndi kudzisamalira, koma malo ndi ochepa ndipo thiransipoti yochokera kuno si yamasewera, choncho gadiyani aphunzire zolimbitsa thupizo asanatuluke m'chipatala kuti azikapitiriza pakhonde. Wathuyu lero amalima ndi kugulitsa mapeyala ndi makadamiya pamsewu. Kuthyola tiyi anayesa, koma ntchito yolipidwa pa kilo imafuna liwiro limene alibenso.

Pa za ndalama ndingonena mwachidule. Wovulala ali pantchito, kaya pa esiteti kaya kwina, lamulo la chipukuta misozi cha ogwira ntchito la mu 2000 limamuteteza, ndipo nkhani yake imadzera ku ofesi ya zantchito. Wogundidwa pamsewu amadalira inshuwalansi ya galimoto kapena njinga imene yamugunda, ndipo apa ndi pamene ambiri amagwira m'madzi, chifukwa njinga zambiri za kabaza zilibe mapepala. Mulimonsemo sungani buku la kuchipatala, lipoti la sikani ndi la apolisi. Ndipo popempha dokotala kuti alembe za kulumala, mutchule kuiwala, kupsa mtima ndi kutopa, osati mwendo wokha, chifukwa zosaoneka ndi maso ndi zimene zimamulepheretsa munthu kubwerera pantchito.

Pali mtundu wina wa kuvulala mutu umene kumudzi kuno timauphonya pafupifupi nthawi zonse, chifukwa suchitikira pamsewu. Munthu akamakalamba ubongo umanyala pang'ono, timitsempha tolumikiza ubongo ndi chikopa chake timakokeka. Agogo akaterereka pobwera kuchitsime, kapena kugunda mutu pachitseko, kamtsempha kamodzi kamatha kuduka n'kumadontha pang'onopang'ono. Tsiku limenelo palibe chimene chimaoneka. Pakapita masabata atatu, anayi, mwina miyezi iwiri, agogo amayamba kudandaula mutu, kusokoneza maina a zidzukulu, kukoka mwendo umodzi, kudzikodzera, kugona masana onse. Zimachitikanso kwa abambo okonda kachasu ngakhale asanakalambe kwenikweni. Achibale amati ndi ukalamba, ena amati ndi sitiroko, ndipo choipitsitsa n'chakuti nkhalamba ikayamba kulankhula zosamveka kapena kusochera usiku, pamapezeka wonena kuti ufiti wayamba kuitulukira. Chonsecho mwa maopaleshoni onse a mutu, iyi ndi imodzi mwa zing'onozing'ono. Dokotala amaboola kabowo kamodzi kapena tiwiri pachigaza, nthawi zina osamugoneka n'komwe wodwalayo, magazi akale akuda amatuluka, ndipo ambiri amatsitsimuka m'masiku ochepa n'kuyamba kufunsa za mbuzi zawo. Nkhalamba ikasintha khalidwe m'masabata ochepa, funsani zidzukulu zimene zimagona nayo ngati inagwapo posachedwa, ngakhale kugwa kooneka kopanda pake, ndipo mukakafika kuchipatala kanthu koyamba kuuza dokotala kakhale komweko.